Kodi masewero akale a ku Britain a zopeka za sayansi amasoweranji pa kebulo ku America?

Nachisale, South Bend

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndili ndi funso limene ndalisunga kwa nthawi yaitali, ndipo ndikukhulupirira kuti pano pali ena odziwa bwino kayendetsedwe ka wailesi za kanema. Ndisanabwere kuno ku America ndinakhala ku Leeds zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mayi wachikulire amene ndinkachita lendi m'nyumba mwake ndiye anandizoloweretsa masewero akale a zopeka za sayansi, aja a zombo za mumlengalenga ndi zolengedwa za ku maiko ena. Lamlungu lililonse madzulo ankatulutsa ma DVD ake, tiyi ali pambali, n'kuika Blake's 7 kapena Doctor Who wa m'masiku amene Tom Baker ankasewera ngati Doctor, moti ine amene poyamba ndinkaseka zilombo zooneka ngati zosokedwa ndi telala wa pakhonde ndinadzakhala woyamba kufika pampando.

Kuno ndimalipira kebulo mwezi ndi mwezi, ndipo matchanelo ndi osawerengeka. Star Trek ya m'ma 1960 ndimaipeza, The Twilight Zone imaonetsedwa usana ndi usiku pa tchanelo ya Syfy nyengo ya Chaka Chatsopano ikafika, koma a ku Britain aja sindinawaonepo. Chilankhulo ndi chimodzi, ndiye safunika kumasulira. Kodi anthu a kuno sawakonda, kapena pali lamulo limene limawaletsa?

Bambo Mbewe, Dallas

Mayi Nachisale, lamulo loletsa palibe. Nkhani yagona pa ndalama za otsatsa malonda, ndipo mukawerenga magawo a masewero amene mwatchulawo muona nokha pamene pali mfundo. Tchanelo ya kebulo ikagula sewero lakale, imafuna kuliika pa ola limodzimodzi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, sabata ndi sabata, kuti oonera azolowere ndiponso kuti a malonda adziwe chimene akulipirira. N'chifukwa chake ogulitsa masewero kuno amakonda kunena za magawo 100, pakuti amenewa amadzaza masabata 20 popanda kubwereza. The Twilight Zone yoyamba ili ndi magawo 156, ndipo Star Trek ili ndi 79. Blake's 7, imene inaonetsedwa pa BBC kuyambira 1978 mpaka 1981, ili ndi magawo 52 okha, kutanthauza kuti pakangotha masabata khumi ndi masiku awiri yatha. Ndipo imeneyi ndi imodzi mwa zazitali, chifukwa The Hitchhiker's Guide to the Galaxy ya 1981 ili ndi magawo asanu ndi limodzi basi.

Chachiwiri ndi utali wa gawo. BBC imayendera ndalama za laisensi imene mabanja a ku Britain amalipira, choncho siika malonda pakati pa sewero, ndipo olemba ake sankasiya mipata yopumira. Gawo la Blake's 7 ndi la mphindi pafupifupi 50, pamene ola la pa kebulo kuno limasiyira sewero mphindi 42 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye woligula ayenera kusankha pakati pa kudula mphindi zisanu ndi zitatu za nkhani kapena kutaya ndalama za malonda, ndipo tonse tikudziwa kumene angapendekere. Zimenezi zinachitikadi mu 1978, pamene kampani ya Time-Life inabweretsa kuno magawo 98 a Doctor Who wa Tom Baker: anawadula kuti malonda alowe, n'kuwonjezera mawu a Howard da Silva ofotokozera oonera zimene zikuchitika. Onjezerani kuti nkhani imodzi ya Doctor Who wakale imayenda magawo anayi kapena asanu ndi limodzi otsatizana, moti amene waphonya Lachiwiri amasokonezeka Lachitatu, pamene gawo la Star Trek limayamba ndi kutha tsiku lomwelo ndipo mutha kuwasakaniza mmene mungafunire.

Tembo, Lusaka

Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma ndiwonjezere za chithunzi chenichenicho, popeza ndinagwirapo ntchito yokonza makina a kanema. Masewero a ku America a nthawi imeneyo ankajambulidwa pa filimu ya 35mm, ndipo filimu yotere mukaitsuka ndi kuikopera mwatsopano imaoneka bwino ngakhale pa TV yaikulu ya masiku ano. A BBC ankajambula zambiri pa tepi ya vidiyo m'situdiyo, n'kugwiritsa ntchito filimu ya 16mm pa zochitika za panja zokha, moti munthu akatuluka pakhomo chithunzi chimasintha maonekedwe pomwepo. Tepi ilibe zambiri zoti muwonjezere, pakuti mizere imene inajambulidwa ndi yomweyo. Komanso Britain inkagwiritsa ntchito dongosolo la PAL, la mizere 625 ndi zithunzi 25 pa sekondi, pamene America inali pa NTSC, ya mizere 525 ndi zithunzi pafupifupi 30, ndiye tepi iliyonse inkayenera kusinthidwa isanaulutsidwe, ndipo makina akale osinthira ankasiya chithunzi chofooka, chogwedera munthu akamayenda. Doctor Who yense wa m'ma 1960 ndi wa zithunzi zakuda ndi zoyera, chifukwa sewerolo linayamba kuonetsedwa m'mitundu mu 1970.

Choopsa kwambiri n'chakuti zina kulibiretu. Tepi inali yodula, ndipo BBC inkafufuta matepi akale kuti ijambulirepo zina mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Magawo oposa 90 a Doctor Who sanapezekebe, ndipo pa magawo asanu ndi limodzi a The Quatermass Experiment ya 1953, imene inkaulutsidwa ochita sewero ali pakati posewera, alipo awiri okha. Ambiri amene anapulumuka ndi makope a filimu amene BBC inkagulitsa kunja, kuphatikizapo kuno ku Zambia, kumene Doctor Who ankaonetsedwa m'zaka za m'ma 1960. Mu 2013 analengeza kuti magawo asanu ndi anayi apezeka m'chipinda cha wailesi ina ku Jos, ku Nigeria. Tchanelo imene imafuna nkhani yathunthu singagule chinthu chokhala ndi mibowo chotere.

Mayi Nabanda, Manchester

Abambo awiriwa anena zoona, komabe ndikuona kuti funso la a Nachisale likumveka ngati masewerowa sanafikeko ku America, pamene anafika ndithu, kungoti khomo limene analowera silinali la kebulo. Kwawo kunali PBS, wailesi za kanema zothandizidwa ndi boma ndi anthu, zimene siziika malonda pakati pa pulogalamu ndipo zimapempha oonera kuti azisonkha ndalama. Kumeneko mphindi 25 kapena 50 sizinali vuto, ndipo wailesi zambiri zinkalumikiza magawo onse a nkhani imodzi ya Doctor Who n'kuionetsa ngati filimu usiku kumapeto kwa sabata. Blake's 7 ndi Red Dwarf zinadziwikanso kudzera m'njira yomweyo. Oonera anali ochepa koma okhulupirika, anthu oti nthawi yosonkha ikafika amaimba foni. Kuchuluka kotere kumakwanira PBS, koma sikukwanira munthu wogulitsa nthawi ya malonda a galimoto ndi mankhwala.

Umboni wakuti vuto si kukhala la ku Britain uli pa masewero a kampani ya ITC ya Lew Grade, amene ankapanga zinthu zake maso ali ku msika wa ku America. Iye ankajambula pa filimu ya 35mm, m'mitundu, ndipo popeza ITV, wailesi ya ku Britain imene inkaonetsa masewero ake, ili ndi malonda, mipata inalimo kale. The Prisoner, ya magawo 17 okha, inaonetsedwa pa wailesi ya ku America ya CBS mu 1968. Space: 1999 inaika Martin Landau ndi Barbara Bain, onse a ku America, pamalo apatsogolo, ndipo mu 1975 inagulitsidwa ku wailesi za m'mizinda yambiri kumeneko. Ngakhale pa kebulo penipeni, Nickelodeon inaonetsa The Tomorrow People kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo Sci-Fi Channel, imene pano imatchedwa Syfy, itangoyamba mu 1992 inkadzaza maola ake ndi zakale zogula, za ku Britain zomwe. Kwa ine apa ndi pamene pali yankho lenileni. Tchanelo ikakhala yakhanda ndi yosauka imagula zakale zotsika mtengo kulikonse, koma ikakula imayamba kupanga zake ndi kubwereza za kampani imene ili mwini wake, chifukwa ndalamazo zimazungulira m'nyumba momwemo. Syfy ikaonetsa sewero la kampani yake, phindu lonse ndi lake, pamene la BBC liyenera kulipiridwa kunja.

Umwini nawonso ndi wopiringizika. Mapangano akale a BBC ndi bungwe la ochita masewero la Equity ankachepetsa kubwereza, ndipo olemba ambiri sanali antchito a BBC, choncho anasunga gawo la umwini wa zimene analenga. Zilombo za Dalek za mu Doctor Who, mwachitsanzo, zili ndi dzanja la olowa m'malo a Terry Nation, yemwenso analenga Blake's 7. Mu 2023, BBC itaika Doctor Who wakale pa iPlayer, malo ake oonera masewero pa intaneti, nkhani yoyambirira ya 1963 inasiyidwa chifukwa cha kusamvana ndi banja la amene anailemba. Ngati zimenezi zikuvuta kuno kwawo, kuli bwanji kwa wogula wa kutsidya la nyanja?

Nachisale, South Bend

Zikomo kwambiri nonse, ndatolapo zambiri. Koma nanga BBC America, imene dzina lokha likulonjeza za ku Britain? Ndinaitsegula dzulo ndili ndi chiyembekezo, ndipo ndinapeza kuti akuonetsa filimu ya ku Hollywood.

Bambo Mbewe, Dallas

Mayi, dzinalo lisakunamizeni. BBC America inayamba mu 1998 ngati tchanelo ya malonda, ndipo laisensi ya ku Britain siifikako, choncho masamu onse amene tafotokoza aja amaigwira ngati ina iliyonse. Mu 2014 kampani ya AMC Networks inagula pafupifupi theka lake, ndipo kwa zaka zambiri inkadzaza masana ndi Star Trek: The Next Generation. Doctor Who watsopano, amene anayambiranso mu 2005 ndi magawo a mphindi 45 ooneka bwino, ndiye anakhala pamenepo zaka zambiri. Zakale zija zinasamukira pa intaneti, kumene kulibe ola loti lidzazidwe ndipo gawo lingatalike mmene lingathere. BritBox inatsegulidwa kuno mu 2017 ili ndi Doctor Who wakale, ndipo Pluto TV ndi Tubi, zimene n'zaulere koma zili ndi malonda, zakhalanso zikumuonetsa. Mapanganowa amasintha chaka ndi chaka, ndiye yambani mwafufuza dzina la sewerolo pa iliyonse musanalipire. Za Blake's 7, funsaninso ku laibulale ya mumzinda wanu, koma mukamagula ma DVD ochokera ku Britain muonetsetse kuti makina anu amawerenga a Region 2, a chigawo cha ku Ulaya, chifukwa makina ambiri ogulidwa kuno amalandira a Region 1 okha, a chigawo cha kuno.