Kodi ma mitochondria amatengeranji kashiamu m'selo?

Wophunzira unamwino, Kapata:
Akuluakulu, ndikupempha thandizo lanu. Kusekondale tinaphunzira kuti ntchito ya ma mitochondria, tizigawo ting'onoting'ono ta m'kati mwa selo, ndi kupanga mphamvu, koma tsopano m'phunziro la kagwiridwe ntchito ka thupi atiuza kuti amayamwanso kashiamu. Popeza kashiamu wa m'selo amasungidwa m'kachigawo kena ka selo kotchedwa endoplasmic reticulum, kodi ma mitochondria amamutengeranji, ndipo amapita naye kuti?

Mphunzitsi wa Bayoloje, Katete:
Mwafunsa bwino, anamwino athu a mawa. Selo ikamapuma, kashiamu wa m'madzi ake amakhala wochepa zedi, pafupifupi 100 nanomolar, pamene wakunja kwa selo ndi wochuluka kuwirikiza ka 10,000 kapena kuposa. N'chifukwa chake akangokwera pang'ono, selo imadziwa kuti yapatsidwa ntchito, kaya ndi yoti mnofu ukokeke kapena yoti uthenga udutse mu ubongo, ndipo ntchito iliyonse yotere imadya ATP, chinthu chonyamula mphamvu m'selo chimene ma mitochondria amapanga.

Mkati mwa nembanemba yachiwiri (yam'kati) yokuta mitochondria muli mphamvu ya magetsi yofika pafupifupi -180 mV, ndipo ndiyo imakokera kashiamu mkati kudzera pakhomo la puloteni yotchedwa MCU. Akalowa amafulumizitsa ma enzyme atatu, mapuloteni othandiza pakupanga ATP, omwe ndi pyruvate dehydrogenase, isocitrate dehydrogenase ndi alpha-ketoglutarate dehydrogenase, monga anasonyezera Richard Denton ndi James McCormack ku Bristol m'zaka za m'ma 1970. Motero kashiamu yemweyo amene walamula mnofu kuti ugwire ntchito ndi amenenso akulamula kuti ATP ichuluke. Sakhalitsa m'menemo ayi, chifukwa puloteni ina, NCLX, imamutulutsa pomusinthanitsa ndi sodiamu.

Wophunzira unamwino, Kapata:
Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Komabe ndawerenga kuti MCU imatseguka pokhapokha kashiamu akachuluka kwambiri, kuposa mmene amachulukira m'selo yamoyo. Nanga amalowa bwanji?

Mphunzitsi wa Bayoloje, Katete:
Funso limenelo linasokoneza akatswiri kwa zaka zambiri, moti ena ankati ma mitochondria amayamwa kashiamu m'botolo la mu labotale mokha. Yankho lagona pa malo. Ma mitochondria ena amakhala moyandikana kwambiri ndi endoplasmic reticulum, pamtunda wa ma nanometer 10 mpaka 30, pamalo penipeni pamene kashiamu amatulukira. Zili ngati ndowa yotchera kukamwa kwa mpopi: imadzaza, pamene ina imene ili chapatali imangolandira madontho. Puloteni ya MICU1 ndiyo imalondera khomolo kuti lisatseguke kashiamu akakhala wochepa. MCU yeniyeniyo inadziwika mu 2011, kudzera m'magulu a Rosario Rizzuto ku Padua ndi Vamsi Mootha ku Boston, ndiye musadabwe kuti mabuku akale a m'malaibulale mwathu sakuitchula.

Wogwira ntchito m'chipatala, Petauke:
Aphunzitsi afotokoza mbali yabwino, koma kwa ife a m'chipatala mbali yoopsa ndi imene ili yofunika kwambiri. Kashiamu akachuluka mopitirira muyeso mu mitochondria, makamaka pamene mulinso tizinthu towononga tochokera ku okosijeni, pamatseguka chibowo chachikulu chotchedwa permeability transition pore. Mphamvu ya magetsi ija imatha, mitochondria imatupa, ATP imasiya kupangidwa, ndipo selo imafa. Izi zimachitika kwambiri magazi akabwerera mumnofu wa mtima kapena mu ubongo umene unatsekeredwa magazi kwa kanthawi, ndiye kuti kubwerera kwa magaziko, ngakhale kuli kopulumutsa moyo, kumawononganso maselo ena.

Mankhwala a cyclosporine amalepheretsa chibowochi kutseguka, koma atawayesa pa odwala mtima ambiri m'kafukufuku wa CIRCUS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, sanathandize.

Ndikufunanso kuchenjeza kuti tisakokomeze ntchito ya MCU. Mu 2013 akatswiri ku America anabereketsa mbewa zopanda MCU, za mu labotale osati zimene timakumba tikakolola, ndipo zinakhala ndi moyo, kungoti zinali zocheperako thupi ndiponso zinkatopa msanga pa ntchito yolemetsa minofu.