"Mnzako akapsa ndevu mzimire": chifundo kapena ngongole?

Kadzidzi:
Abale ndithandizeni. Dzulo ndimalangiza mwana wa achemwali anga kuti azithandiza anzake, ndiye ndinatsendera ndi mwambi uja: mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Ndinamuuza kuti ukutanthauza thandiza lero kuti nawe udzathandizidwe. Amalume anali pompo, anangopukusa mutu n'kunena kuti ndasandutsa mwambi kukhala katapila. Ndalakwitsa pati?

Mdzukulu wachisanu:
Agogo anga ankaunena theka lokha. "Mzimire," basi, kenako n'kumakuyang'ana mpaka udzuke wekha. Za mawazo ndinadzazimva ndili kale kusukulu.

Bambo wa mapasa:
Simunalakwitse a Kadzidzi. Mawu oti "mawa adzazima zako" sanawaikemo kuti angokometsera. Makolo ankamudziwa munthu kuti sasuntha popanda kuona phindu. Ndi ngongole imeneyo, yabwino koma ngongole ndithu.

Mphunzitsi wopuma:
Mkangano wanuwu ndi wakale kuposa amalume anuwo. Mu 1785 Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, anapereka chitsanzo cha wogulitsa m'sitolo amene sabera mwana pa mtengo. Ngati akutero poopa kuti mbiri ingaipe ogula n'kumuthawa, wachita zoyenera inde, koma Kant sankaziwerenga ngati ubwino weniweni chifukwa chamukankha ndi phindu, osati udindo. Amalumewo ali mbali imeneyo. Koma katswiri wina, John Stuart Mill wa ku England, mu 1863, anati wopulumutsa munthu amene akumira wachita bwino, kaya wachita chifukwa cha udindo kaya akuyembekezera malipiro. Kwa iye cholinga chimatiuza za khalidwe la munthuyo, koma chochitikacho chimaweruzidwa ndi zotsatira zake.

Bambo wa mapasa:
Ehe! Mill ameneyo ndi wanga. Ndevu zazima kapena sizinazime? Wopsayo alibe nthawi yofunsa za mumtima mwanu.

Mayi a atatu:
Ine ndaseka. Amene anandiphunzitsa mwambiwu ndi agogo aakazi, ndevu analibe ndi imodzi yomwe. Nanga ankayembekezera kudzazimiridwa chiyani? Ankasamala nkhalamba ina yakhungu imene sikanawabwezera ngakhale madzi akumwa. Ine ndimamva kuti "mawa" uja akukumbutsa kuti moto susankha, monga timanenera kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Si lonjezo la malipiro, n'kukuuza kuti iwe ndi wopsayo simusiyana.

Bambo wa mapasa:
Pepani amayi, koma mwambi sukuti "mawa udzapsa nawe," ukuti ADZAZIMA zako. Wozimayo watchulidwa. Agogo anuwo ankadziwa kuti ena akuona, ndipo tsiku lawo likadzafika anthu sadzawasiya. Ngongole yomweyo, kungoti wobweza ndi wina.

Mphunzitsi wopuma:
Ndiye mukapeza wopsa ndevu kutchire, kopanda woona, munthu woti simudzakumananso naye? Pa kawerengedwe kanu mungodutsa.

Bambo wa mapasa:
Ndingamzimire, koma pamenepo ndikhala ndapyola zimene mwambi wapempha.

Wachikulire:
Inu mukukangana chifukwa mwambiwo mukuudziwa. Ana a masiku ano ukawaponyera mwambi amakufunsa kuti ndi mawu a nyimbo yanji. Mdzukulu wanga ndinamuuza womwewu, anayankha kuti "shapu agogo" maso ali pafoni. Munthu akapsa ndevu lero ayamba amujambula kaye kuti aike pa Facebook.

Mdzukulu wachisanu:
Musatinyoze tonse agogo. Koma zoona, mng'ono wanga amati "zake zimenezo" pa chilichonse, ngakhale mnzake atagwa pamaso pake.

Kadzidzi:
Ndiye mwana uja ndikamuuze ziti? Amalume ndawawerengera zonsezi, angoti a Bambo wa mapasa asadzawazimire, adzazima okha.

Bambo wa mapasa:
Auzeni kuti ndibwerabe ndi madzi. Ndipo ndidzalemba m'kabuku.