Mipando yomwe ndikujambula ikutuluka yathyathyathya, thandizeni

mtsikana_wa_ku_Chibavi:

Moni nonse. Ndimathandiza amalume pa shedi yawo ya ukalipentala kuno ku Chibavi, ndipo gawo langa kwenikweni ndi kulankhula ndi makasitomala. Nthawi zambiri munthu amabwera ndi chithunzi cha pa Facebook, sofa kapena kabati yakunja, n'kunena kuti "ndipangireni ngati iyi". Amalume akaipanga ndi matabwa athu a paini a ku Chikangawa, mwiniwake amadzadandaula kuti sizikufanana. Ndiye ndinaganiza zoti ndizijambula ndekha chinthucho momwe ifeyo tingachipangire, ndizimutumizira pa WhatsApp, tigwirizane thabwa lisanadulidwe.

Ndili ku sekondale ndinkajambula nkhope za anthu ndipo zinkatheka. Koma mpando wandikanika. Ndi pensulo umaonekako bwino, koma ndikangodutsamo ndi inki umakhala wathyathyathya. Miyendo yakumbuyo siigunda pansi, imangolendewera. Tebulo limapendekeka moti mutaikapo mbale ya nsima ingatsetsereke. China n'choti ndikamafufuta pensulo inki imapakika pepala lonse. Ndimagwiritsa ntchito mapepala a A4 a fotokope, pensulo ya HB ndi cholembera chakuda cha gel. Vuto ndi zipangizo kapena dzanja langa? Ndigule chiyani?

mphunzitsi_wopuma_Katoto:

Mwana wanga, usagule kanthu kaye. Ndinaphunzitsa Technical Drawing zaka zambiri ndipo vuto lakolo ndalizindikira ndisanaone pepala lako. Inki siikuwononga chithunzi, ikungoulula zomwe pensulo inabisa. Ndi pensulo umadutsa mizere itatu inayi pamalo amodzi, diso la woonera n'kudzisankhira wolondola. Inki imakukakamiza kusankha umodzi, ndipo ngati sunadziwe kuti wolondola ndi uti, zimaonekera poyera. Nkhope imakhululuka, mphuno ikapendekeka pang'ono amakhalabe munthu. Mpando sukhululuka.

Yambira pansi pomwe mpando waima, osati pa chotsamira. Ika mpando pa simenti, lemba ndi choko pomwe pali mwendo uliwonse, lumikiza malo anayiwo, chotsa mpandowo. Kenako khala patali mamita awiri ujambule chomwe chatsala pansipo monga momwe maso ako akuchionera, osati monga ukuchidziwira. Udzadabwa kuti sikweya ija yaphwanyika: mbali yakutali yafupika, ndipo malo a miyendo yakumbuyo ali pamwamba pa pepala kuposa a yakutsogolo. Pa ngodya zinayizo kweza mizere yoimirira mpaka msinkhu wa pokhalira, tseka pamwamba. Wapeza bokosi. Chotsamira ndi bokosi lachiwiri, lopyapyala, loima kumbuyo kwa loyambalo. Miyendo, zopingasa ndi khushoni uzisema kuchokera m'mabokosi amenewa. Ujambule ndi mizere yobisika yomwe, ngakhale mwendo wachinayi usakuoneka, mopepuka ndi pensulo ya 2H ngati ungaipeze. Mwendo ukakhala ndi malo ake pansi sungalendewerenso.

Za tebulo lopendekeka: wajambula pamwamba pake uli ngati munthu woimirira, miyendo wajambula ngati munthu wokhala pansi. Anthu awiri akuyang'ana chithunzi chimodzi. Usanayambe, lemba mzere wopingasa pepala lonse woimira msinkhu wa maso ako, ndipo usasunthe mutu mpaka utamaliza. Chilichonse chomwe chili m'munsi mwa mzerewo umachiona pamwamba pake. Tebulo la masentimita 75 munthu woimirira amaliona pamwamba, koma kabati ya zovala ya mamita 2 saiona pamwamba, ndipo mizere ya kudenga kwake imatsika ikamapita kutali. Mizere yonse yogona yopita kutali yomwe pa chinthu chenicheni imayendera limodzi osakumana, pa pepala imakakumana pamalo amodzi pa mzere wa maso uja, ngakhale malowo atakhala kunja kwa pepala. Mata pepala lina pambali ngati kuli kofunika. Nzeru imeneyi si yatsopano, katswiri wina wa zomangamanga, Brunelleschi, anaionetsa ku Florence m'dziko la Italy kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, koma ana asukulu amaiiwala chaka chilichonse.

Kabati ya zitseko ziwiri usaigawe ndi rula. Lemba mizere iwiri yodutsana kuchokera ngodya kupita ngodya, pomwe yakumana ndiye pakati. Chitseko chakutali chidzatuluka chochepa pang'ono, ndipo ndi momwe chiyenera kukhalira.

Tsopano inki. Mizere yako yonse ndi yonenepa mofanana, ndikutsimikiza. Uyenera kukhala ndi mizere ya mitundu itatu. Pa m'mphepete uliwonse dzifunse: kodi ndingapise chala kuseri kwake? Ngati inde, ndiye kuti thabwa lathera pamenepo ndipo kuseri kuli mpata, mzere ukhale wonenepa. Ngati ndi ngodya yomwe mbali zake ziwiri ukuziona zonse, mzere ukhale wapakati. Mizere ya thabwa, zosokera za khushoni ndi mfundo za paini zikhale zopyapyala kwambiri. Pomwe mwendo wagunda pansi unenepetseko pang'ono. Tenga chithunzi chimodzi chakale uchite zimenezi zokha, uone kusiyana kwake.

wolemba_zikwangwani:

Asisi, aphunzitsi anena za bokosi, ine ndinene za inki poti ndiyo ndimadyera. Gel ija isiyeni. Imachedwa kuuma, ndiye ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu, makamaka mu June ndi July kukachita chifunga, pepala lenilenilo limakhala lofewa ngakhale simukuona. Bolopeni ya Bic wamba imaposa gel pa ntchito imeneyi. Mukakanikiza pang'ono imatulutsa mzere wotuwa, mukakanikiza kwambiri wakuda bii, kotero mizere itatu ya aphunzitsi ija mutha kuipeza ndi cholembera chimodzi. Chilema chake n'choti imasonkhanitsa kadontho ka inki kunsonga, ndiye muzikhala ndi kansalu pambali muzipukuta. Mukadzapeza kangachepe mudzagule zolembera za nsonga yopyapyala, ma fineliner a Staedtler, a 0.1, 0.3 ndi 0.8. Inki yake ikauma siisungunuka ndi madzi. Maka yolembera pa makatoni ayi, imalowerera mpaka kuseri kwa pepala la fotokope.

Koma njira yachidule yothetsera kupakika ndi kusafufuta n'komwe. Malizani chithunzi cha pensulo ndi mabokosi ake onse, chimateni pa galasi la zenera masana, ikani pepala loyera pamwamba, mulondole mizere yokhayo yomwe mukuifuna. Mukalakwitsa mwataya pepala limodzi, chapensulo chija chilipobe. Ndipo kuchokera pa bokosi lomwelo mutha kutulutsa mpando wa chotsamira chamitengo, wina wakhushoni, wina wa zogwirira m'mbali, kasitomala asankhe.

Ngati mukugwiritsa ntchito rula, matani ndalama zachitsulo ziwiri kunsi kwake ndi selotepi kuti m'mphepete mwake musagunde pepala, apo ayi inki imalowa kunsi n'kukokedwa mukamaisuntha. Ine komabe ndimakonda mzere wadzanja pa zithunzi za makasitomala, umaoneka wamoyo. Uli ndi kaphunziridwe kake. Dontho apa, dontho apo, yang'anani komwe mukupita osati nsonga ya cholembera, kokani kamodzi ndi mkono wonse, osati ndi zala. Osabwerezabwereza timizere tifupitifupi ngati ubweya. Dzazani kuseri kwa mapepala otha ntchito ndi zimenezi m'mawa musanatsegule shedi. Pepala muzilitembenuza kuti dzanja lizikoka mbali yomwe limamasuka, ndipo ngati mumalemba ndi dzanja lamanja yambirani kumtunda chakumanzere kuti chikhatho chisadutse pa inki yaiwisi.

Mthunzi ndi pomwe ambiri amapitirira muyezo. Sankhani mbali imodzi yochokera kuwala. Pamwamba pasiyeni poyera, mbali imodzi timizere totalikirana, mbali yachitatu tothithikana, basi. Timizereto tizitsata momwe thabwa lagonera. Mizere ya thabwa musaijambule yonse, pang'ono chakungodya ndi mfundo imodzi kapena ziwiri zakwana kuti munthu adziwe kuti ndi paini osati mlombwa. Chimodzimodzi mipando yoluka ija: jambulani kalukidwe pa kachigawo kamodzi, kwinako kusiyeni kuzimirire, diso la munthu limamaliza lokha. Mukati muluke yonse ndi inki mudzapeza chikuda chokhachokha.

Poyeserera ndikanakonda muyambe ndi mpando wa mfumu, wa matabwa awiri olowetsana uja amagulitsa a ziboliboli. Ulibe mwendo woongoka ngakhale umodzi, ndiye umakuphunzitsani kuyang'ana mipata yapakati m'malo moloweza. Mipatayo ikalondola, mpando walondola.

Pojambula ndi foni, imani pakhomo masana, foni iyang'ane pepala molunjika, ndipo mutumize ngati document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba WhatsApp imachichepetsa ndipo mizere yopyapyala ija imasowa.

kalipentala_Luwinga:

Zonsezi n'zabwino, koma ine chithunzi chomwe mbali yakutali yafupika sindingadulire thabwa. Chemwali, amalume anu akufuna miyezo. Gulani set square ya madigiri 30 ndi 60 ija ili m'bokosi la masamu la ana asukulu. Mizere yoimirira iime chilili, ina yonse ipendekeke madigiri 30 kumanja kapena kumanzere, ndipo palibe mbali yofupika. Amati isometric. Pa sikelo ya 1:10 tebulo la masentimita 150 ndi masentimita 15 pa pepala, likwana pa A4 bwinobwino. Lembanipo manambala: pokhalira 45 kuchokera pansi, tebulo 75. Kasitomala asainepo.

Ndipo chonde, musajambule chinthu choti thabwa silingakwanitse. Ojambula amakonda timiyendo topyapyala chifukwa timaoneka bwino. Ndi mlombwa kapena mbawa zitheka, ndi paini kamwendo kotero kadzagwedera chaka chisanathe. Onetsani kunenepa kwenikweni kwa thabwa ndi zopingasa zonse zolimbitsa miyendo. Mukazibisa, mwabwerera ku vuto la pa Facebook lija, kungoti tsopano wanamiza kasitomala ndinu.

mtsikana_wa_ku_Chibavi:

Zikomo nonse. Aphunzitsi, za choko zija ndachita ndi mpando wodyera ndipo miyendo yagunda pansi. Amalume aona n'kufunsa kuti nanga chopingasa chakutsogolo chili kuti, ndiye bambo a ku Luwinga mwanena zoona. Koma ndizitsata iti, ya mzere wa maso kapena ya madigiri 30? Komanso pali mayi wina akufuna katebulo kozungulira ka mwendo umodzi pakati, bokosi lindithandiza bwanji pamenepo?

mphunzitsi_wopuma_Katoto:

Zonse ziwiri, mwana wanga, koma pa mapepala osiyana. Ya madigiri 30 ikhomedwe pa khoma la shedi. Pa stulu kapena kabati yaing'ono utha kuionetsanso kasitomala, koma pa chinthu chachitali monga bedi kapena sofa ya anthu atatu imanyenga maso, ngodya yakutali imaoneka ngati yakula. Pamenepo mutumizire ya mzere wa maso, miyezo uilembe m'munsi.

Tebulo lozungulira limakhalanso m'bokosi. Jambula sikweya ya pamwamba pake monga unachitira ndi choko, peza pakati ndi mizere yodutsana ija, ndipo kudzera pakatipo upeze pakati pa mbali iliyonse ya zinayi. Mzere wozungulira uyenera kukhudza malo anayi amenewo osatulukira kunja. Ziwiri uzisamale: kumapeto kwake, kumanja ndi kumanzere, kusasongoke, kuzikhota mofewa, ndipo kasapendekeke, kagone chopingasa ndithu. Kunenepa kwa thabwa ndi mzere wachiwiri wofanana nawo m'munsi pang'ono, womwe umaoneka kutsogolo kokha. Mwendo utsike molunjika kuchokera pomwe mizere yodutsana yakumana, ngakhale chigawo chake chakumtunda chabisika. Tsinde lake lapansi, ngati nalonso ndi lozungulira, lioneke lotseguka kwambiri kuposa pamwamba, chifukwa lili kutali ndi mzere wa maso.

Usanakhudze oda ya mayiwo, yesera pa ndowa. Iike pansi ujambule, uikwezenso pa benchi ya amalume ujambule, uone momwe kukamwa kwake kukutsekekera ikamayandikira msinkhu wa maso ako. Poika inki pa mzere wozungulira usayese kuumaliza kamodzi, ugawe pawiri, uzitembenuza pepala, ndipo theka lakutsogolo likhale lonenepa kuposa lakumbuyo.