Kodi nayiloni amasungunuka ndi mankhwala ati?

Telala_Chinamwali:
Akuluakulu, nsalu zambiri za kaunjika pamsika wa Zomba zilibe malebulo. Ndingadziwe bwanji kuti iyi ndi nayiloni, osati poliyesita? Acetone, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo aja, angathandize?

Mphunzitsi_Matawale:
Ayi achimwene. Acetone, petulo ndi palafini sizimuchita kanthu nayiloni. Acetone amasungunula nsalu ya mtundu wina yotchedwa acetate. Pezani asidi wotchedwa formic acid, wa mphamvu ya 80 mpaka 90%. Dulani kansalu kolemera galamu imodzi, kaponyeni m'botolo lagalasi momwe muli mamililita 100 a asidiyo, osatenthetsa, muzigwedeza kwa mphindi 15. Nayiloni atheratu, koma poliyesita ndi thonje zitsala. Asidiyu amamasula ma hydrogen bond, omwe ndi mphamvu zokokana zimene zimagwirizitsa timaunyolo tosaoneka ndi maso topanga nayiloni.

Mayi_wa_Labu:
Zoona aphunzitsi, koma asidiyo akachuluka madzi sagwira ntchito: ulusi umangofufuma n'kufewa, mpaka mungaganize kuti si nayiloni. Mukathira madzi mu zosungunukazo, nayiloni amabwereranso ngati zibuluma zoyera. Valani magolovesi ndipo chitirani panja, fungo lake limaotcha m'mphuno.

Makanika_Mpondabwino:
Asidi wa batire ndiye woipa, amaduladula timaunyoloto osabwereranso. Chingwe cha nayiloni chikakhudzana naye m'buti ya galimoto chitayeni, ngakhale chikuoneka chabwinobwino.