Thandizeni, ma nanoparticle anga akungosanduka matope

Wofunsa (dzina labisidwa): Abale, mutu wanga sukugwiranso. Ndili chaka chomaliza cha kemisitiri kuno ku Zomba. Pulojekiti yanga ndi yopanga ma nanoparticle (tinthu ting'onoting'ono kwambiri) a siliva wosakaniza ndi kopa, oti akhale catalyst (chofulumizitsa kusintha kwa mankhwala) posintha 4-nitrophenol kukhala 4-aminophenol. Ndimasakaniza silver nitrate ndi mchere wa kopa, kuthira PVP (woletsa tinthuto kugwirana), kenako sodium borohydride (wosandutsa michereyo kukhala chitsulo). Koma ndisanathire n'komwe borohydride, madzi akumachita mbuu ngati mkaka, mapeto ake matope otuwa khathi pansi pa botolo. Ndikawaika mu nitrophenol, chikasu chake sichikutha ngakhale papite ola. Ndayesa kanayi. Magetsi akumathima stirrer (chotakasira) ili mkati mozungulira, mnzanga wapabenchi anandithera magulovesi, alandilodi ku Chikanda akweza lendi, ondiyang'anira sakuyankha foni. Kwatsala masabata atatu. Ndikulakwitsa pati?

Mkulu wa chammwamba: Mwana wanga, vuto lanu achinyamata n'kudalira mankhwala a azungu. Borohydride wa chiyani? Wiritsa masamba a chammwamba kapena nimu, sefa, thira mu silver nitrate, uona madzi akufiirira okha. Masamba ali mbwee ku Chinamwali, osalipira.

Mayi wa ku Matawale: Ine chaka changa ndinalira chimodzimodzi, kenako ndinapeza kuti borohydride wathu anali atayamwa chinyontho, atauma gwa ngati mchere wa m'dzinja. Achimwene, musungunuleni nthawi yomweyo m'madzi ozizira ndi ayisi, osamugoneka. Amatulutsa hydrogen, ndiye botolo musatseke zolimba.

Tekinishani wina: Mchere wa kopawo ndi uti? Nanga madzi ndi a pampopi kapena distilled?

Mkulu wa chammwamba: Mayi, mukungotsimikiza zomwe ndanena. Chammwamba sichiyamwa chinyontho chilichonse!

Mayi wa ku Matawale: Bambo, masamba a mtengo uwu ndi a mtengo uwo safanana mphamvu. Lero zitheka, mawa zikanika, mwanayu akawauza chiyani omuyesa? Komanso kopa ndi wouma mutu, salola msanga ngati siliva.

Wa kabaza wophunzira: Za catalyst ine ndimangodziwa ya mu ekizozi ya galimoto, koma za lendi ya ku Chikanda tiyeni tikambirane, tavutika tonse.

Mphunzitsi wopuma: Masabata atatu? Munali kuti chaka chonse? Ndipo dziwani kuti kusakaniza michere iwiri si kupanga alloy, zitsulo zosakanikirana n'kukhala chimodzi. Siliva amasanduka chitsulo msanga kuposa kopa, ndiye nthawi zambiri mumapeza siliva mkati, kopa kunja, kapena aliyense payekha. Kopayo akakumana ndi mpweya amasanduka oxide. Popanda makina a XRD kapena TEM ounikira kapangidwe ka tinthuto musalembe mawu oti alloy mu lipoti.

Mkulu wa chammwamba: XRD muipeza kuti? Ine ndinapanga zanga m'poto pa mbaula, maso anga ndi omwe anali makina. Anthu inu simufuna zakwathu zitukuke, ndi chifukwa chake dziko silikuyenda.

Mphunzitsi wopuma: Tinthu tosapitirira 100 nm (nm ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) mungatione ndi maso, bambo? Mnyamata iwe, yang'ana pa UV-vis, makina oyeza kuwala komwe madzi akuyamwa. Nitrophenol akakumana ndi borohydride amaonetsa nsonga pa 400 nm. Catalyst ikamagwira ntchito nsongayo imatsika, ina n'kutulukira cha pa 300 nm.

Tekinishani wina: Ndifunsenso, mchere wa kopa ndi uti? Mkaka mukunenawo ndikuukayikira kuti ndi silver chloride. Siliva akangokumana ndi chloride amagwirana n'kukhala pansi, borohydride akamabwera amapeza zibuluma kale. Tengani madontho a silver nitrate, thirani m'madzi anuwo paokha, kenako mu mchere wa kopawo paokha, muone pomwe pachite mbuu.

Wofunsa: Pepani, bando inatha. Madzi ndi distilled. Mcherewo ndi copper chloride, ndi womwe unali pa shelefu. Ndiye ndi umenewu wandipweteka?

Tekinishani wina: Ndi womwewo. Funani copper nitrate kapena copper acetate, mabotolo onse mutsukenso.

Mkulu wa chammwamba: Olo asinthe mchere, ine ndikuti ayese chammwamba. Ndilembere ku inbox mwana wanga, masamba ndikubweretsera ndekha pa Mpondabwino.