Ndapeza yankho pa za mwala wakuda uja wa ku mgodi wa mtovu

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chimene mtsempha wa mtovu (mng'alu wa m'thanthwe wodzaza ndi mtovu) m'migodi yakale ya ku Derbyshire, ku England, unkazimiririka anthu akakumba n'kufika pa mwala wakuda wobiriwirako. Zikomo nonse amene munandithandiza, tsopano ndamvetsa.

Mwala waukulu kumeneko ndi wa laimu, umene unapangika pansi pa nyanja yosazama zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo. Mtovu, womwe umapezeka mu mwala wonyezimira wotchedwa galena, unadzalowa pambuyo pake m'ming'alu pamodzi ndi madzi otentha amchere. Koma pakati pa laimuyo pali chiphalaphala chakale chimene chinauma, chomwe ndi mwala wakuda uja, ndipo okumba ankachitcha toadstone. Mtsempha ukafika pamenepo umachepa kapena kusoweka, koma nthawi zambiri umapezekanso pansi pake.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi madzi. Pamwamba pa mwalawu pamakhala dongo losalola madzi kudutsa, choncho ankadikha mumgodi n'kuvutitsa anthu koopsa. Ku Magpie Mine, umodzi mwa migodi ya kumeneko, anachita kuboola ngalande yapansi yokathira mu mtsinje wa Wye, ndipo mpaka lero madzi akutulukabe pamenepo.