Shopu ya pa intaneti ya zitenje: ndiyambire pati?

MayiZitenje: Akuluakulu, ndimagulitsa zitenje ndi nsapato ku Limbe. Ndikufuna makasitomala aziona katundu ndi mitengo pa foni, mwachangu. Kodi ndi website basi?

Kondwa_BT: Mayi, website idikire kaye. Ikani WhatsApp Business pa nambala yapadera ya bizinesi, ndi yaulere. Lowani pa Catalogue, malo oonetsera katundu ndi mitengo mu WhatsApp Business, imalola katundu mpaka 500. Chitenje chilichonse chijambuleni masana pamthunzi, mutachiyala pa nsalu yoyera. Kuwala kwa babu kumasintha mtundu, kasitomala nkubweza katundu. Lembani mtengo, mamita ake ndi nambala yochizindikirira, monga CH01. Linki ya catalogue muyiike pa Status ndi pa peji ya Facebook. Chitenje chikatha, chibiseni mu catalogue pomwepo, anthu asamafunse zomwe kulibe.

AnaPhiri: Pa ndalama samalani. Akuba amatumiza SMS yabodza yooneka ngati ya Airtel Money kapena Mpamba. Musatulutse katundu musanaone balansi nokha: *211# pa Airtel, *444# pa TNM. Screenshot si umboni.

Kondwa_BT: Zoonadi. Mtengo wotumizira ku Lilongwe kapena Mzuzu muzinena kasitomala asanalipire, apo ayi mukangana.

WebMW: Maoda akachuluka moti simukutha kuyankha aliyense, pamenepo ndiye mupange website ndi WordPress ndi WooCommerce (mapulogalamu opangira shopu ya pa intaneti), mulumikize PayChangu (njira yolandirira malipiro pa intaneti) kuti ndalama za mobile money ndi makhadi zizilowa zokha. Zithunzi muzichepetse zisadutse 200KB; zikalemera peji imachedwa kutseguka, munthu wa bandulo yochepa amangotseka.